Kachubu ka pakhosi kamafuna manja oyera

Munthu akaikidwa impso ya munthu wina, timamupatsa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, monga tacrolimus ndi prednisolone, kuti thupi lisakane chiwalo chachilendocho. Pa nthawi yomweyo amakhala ndi kachubu kolowa mumtsempha waukulu wa pakhosi kapena pachifuwa, kamene timadutsitsiramo dilipi ndi mankhwala. Nsonga yake imafika pafupi ndi mtima. Oikidwa mafuta a m'mafupa amakhala nako miyezi ingapo, makamaka kamene kamadziwika ndi dzina la Hickman, dokotala wa ku Seattle.

Achibale ambiri amaopa mphepo ndi fumbi, koma tizilombo tovutitsa kwambiri timachokera pakhungu la wodwala yemweyo ndi m'manja mwa ife omusamalira. Bakiteriya wotchedwa Staphylococcus epidermidis amakhala pakhungu la aliyense osavulaza. Akalowa m'kachubu amayala ndere mkati mwake, ndipo mankhwala amavutika kumufikira. Nthawi zina timangokazula.

Mu 2006, Dr Peter Pronovost ndi anzake anafalitsa zimene anapeza m'mawodi 103 a odwala mwakayakaya ku Michigan. Matenda a m'magazi olowera m'kachubu anatsika ndi pafupifupi magawo 66 pa 100, popanda makina atsopano. Ogwira ntchito m'mawodimo ankasamba m'manja, kuvala ndi kufunditsa wodwala nsalu zophedwa tizilombo poika kachubu, kupukuta khungu ndi mankhwala ophera tizilombo a chlorhexidine, kupewa kukaika mphechepeche, ndi kukachotsa ntchito yake ikatha.

Chimene ine ndimakakamira kwambiri ndi pakamwa pa kachubuko. Tisanalumikize sirinji, timapakhula ndi kathonje ka sipiriti masekondi osachepera 15, n'kudikira kuti paume. Pa shifiti ya usiku, odwala akukuitana uku ndi uku, masekondi amenewa amatalika ngati ulaliki. Agadiyani, mukaona nesi wangopukuta kamodzi n'kulumikiza, musachite manyazi kumukumbutsa. Nesi wanzeru sakwiya nazo.

Kunyumba, pulasitala isanyowe posamba. Ikamatuka m'mbali, musamatirepo ina pamwamba, pitani akasinthe. Poloŵera kachubu pakafiira, pakatupa kapena pakatuluka mafinya, pitaninso. Koma dziwani kuti prednisolone amabisa zizindikiro, moti pakhungu pangaoneke bwinobwino magazi atalowa kale tizilombo. Thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena wodwala akayamba kunjenjemera atangomutsukira kachubu, musamupatse Panado n'kudikira kuti kuche. Nyamukani usiku womwewo, ndipo pofika nenani kuti ndi woikidwa chiwalo ndipo ali ndi kachubu, kuti amutenge magazi msanga asanamuyambitse mankhwala.