Bwalo la mpira si la mwini timu

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva nkhani imodzimodzi m'misika ya Nchalo, Ngabu ndi Bangula: ati timu ikasewera pa bwalo kwa nthawi yaitali, bwalolo limasanduka lake, ndipo khonsolo ikafuna ndalama ndiye kuti ikuba. Zatitopetsa, abale anga.

Bwalo lomangidwa ndi ndalama za misonkho ndi la anthu tonse, ndipo khonsolo imaliyang'anira m'malo mwathu. Timu imangobwereka potsata mgwirizano wolembedwa, womwe umanena ndalama zolipira, kutalika kwa nthawi, komanso amene akonze zikawonongeka. Kukhalitsa pamalo sikusintha umwini.

Ndalama za pachipata nazo sizipita m'thumba limodzi. Zimagawidwa pakati pa matimu, mwini bwalo, oyendetsa mpikisano ndi achitetezo. Kuno kuchigwa gawo la ndalama lopita kwa mwini bwalo limafunikadi. Mu Okutobala kapinga amapsa mpaka kusanduka fumbi, mbuzi zikulowa pa mpanda wogumuka, kenako madzi osefukira amasiya matope pagolo penipeni. Mikangano yambiri imabuka apa: akonze ndani?

Khonsolo nayo imalakwitsa, makamaka ikatolera ndalama osakonza kanthu, ndipo kuifunsa ndi ufulu wathu. Kuyambira 2020 lamulo lotilola kupempha zikalata za boma likugwira ntchito. Pitani ku ofesi mukapemphe kuona mgwirizanowo, kapena funsani khansala wanu.

Uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti bwalo lagulitsidwa ukakufikani, chonde musautumize kwa ena musanaone chikalata chake.