Kalumba, muzu wa ku Mozambique umene azungu ankati ndi wa ku Colombo

Amene tinakulira kumudzi tikudziwa kuti mankhwala a m'mimba sakhala otsekemera ayi, agogo akakupatsa madzi a muwawani umamwa uli chitsinzire misozi ili mbwembwembwe koma mawa lake m'mimba muli zii. Ndiye pali muzu wina wowawanso choncho, wa kwa anzathu ku Mozambique, umene unafika mpaka m'mafamase a ku London koma eni ake osatchulidwa nkomwe, ndipo ine nkhani imeneyi imandikhudza heavy. Eni akewo amati kalumba. Azungu amalemba calumba kapena columbo, m'mabuku a sayansi ndi Jateorhiza palmata.

Chomera chake chimayanga m'mitengo, masamba ake akuluakulu okhala ngati chikhatho chotambasula, pansi pake ndiye pali mizu yonenepa ngati ya chinangwa, ukaidula mkatimo ndi mwachikasu. Anthu a m'nkhalango za kumeneko, kuyambira cha ku chilumba cha Ibo kutsika mpaka ku Zambezi, ankakumba mizuyo nkuidula timapisi tozungulira ngati makobili nkuyanika, ndipo munthu akatsegula m'mimba kapena akadwala kamwazi ndi umene ankamumwetsa. Nzeru imeneyi inalipo kale azungu asanaudziwe muzuwu.

Vuto linayamba ndi njira ya malonda. Apwitikizi atauona muzuwu anayamba kuugula, koma katundu wa gombe la Mozambique nthawi imeneyo ankayamba wapita ku India kenako nkumapita ku Ulaya, ndiye anthu a ku Ulaya atamva dzina loti kalumba komanso akuona kuti wabwera ndi sitima zochokera kummawa anangoti basi uwu ndi wa ku Colombo, mzinda wa ku Ceylon kumene pano timati Sri Lanka. Mayina awiriwo amamveka mofanana, bodza nkukhazikika kwa zaka zambirimbiri.

Mu 1671 dokotala wa ku Italy Francesco Redi analemba za muzuwu ngati mankhwala othana ndi poizoni. Patapita zaka pafupifupi 100, Thomas Percival wa ku Manchester anauyamikira kwambiri pa matenda a m'mimba, ndipo mu 1788 unalowa m'buku la mankhwala ovomerezeka la madokotala a ku London. Ankaukonda chifukwa umadzutsa chilakolako cha chakudya kwa munthu amene wafooka ndi matenda, komanso ulibe tannin, chinthu cha m'makungwa ambiri chimene chimada chikakumana ndi ayironi, ndiye ankatha kuusakaniza ndi mankhwala a ayironi osada bii ngati mmene zimachitikira ndi makungwa ena owawa. Kuwawa kwakeko kumachokera makamaka ku chinthu chimene asayansi anachitcha columbin, mwaona, ngakhale dzina limeneli linatsatira cholakwika chomwe chija. Unatchuka moti ku America anayamba kugulitsa muzu wa chomera china nkumautcha American columbo.

Zoona zinayamba kuululika cha mu 1805 pamene munthu wina wa ku France dzina lake Fortin anatenga muzu wamoyo ku Mozambique nkupita nawo ku Madras ku India, unabzalidwa nkumera, anthu nkuona ndi maso kuti chomeracho kwawo ndi ku Africa. Kenako John Kirk, dokotala uja ankayenda ndi David Livingstone mu Zambezi ndi Shire, anakachipeza chikumera chokha m'tchire cha ku Shupanga, komwe kuja kuli manda a Mary Livingstone amene anamwalira mu 1862.

Chimene chimandiwawa ine nchoti tikawerenga mbiri yonseyi tikupeza Redi, Percival, Fortin, Kirk, aliyense ndi chaka chake, koma sing'anga amene analawa muzuwu koyamba nkudziwa mulingo woti munthu amwe, mayi amene ankadula timapisi tija nkuyanika, anthu amene ankasenza matumba kupita nawo kudoko, m'mabuku aja amangowatcha "natives" basi.