Kodi yunivesite ingaphunzitse bwanji kupembedza kosapyola muyeso?

Ku Indonesia, dziko lomwe lili ndi Asilamu oposa 200 miliyoni, boma lili ndi mayunivesite akeake a Chisilamu. M'chaka cha 2019 unduna woona za zipembedzo, motsogozedwa ndi a Lukman Hakim Saifuddin, unatulutsa ndondomeko yotchedwa moderasi beragama. Cholinga chake n'chakuti munthu agwiritse chipembedzo chake koma osapyola muyeso. Zizindikiro zake n'zinayi: kukhulupirika ku dziko, kulolera ena, kukana chiwawa, ndi kulemekeza miyambo ya m'dera. Mayunivesitewa anauzidwanso kutsegula maofesi otchedwa Rumah Moderasi Beragama, oti aziphunzitsa ndi kufufuza nkhaniyi.

Ndondomekoyi ndi yabwino, koma ife aphunzitsi timadziwa kuti mtima wa wophunzira susintha ndi kalata yochokera ku ofesi. Mu 2018 yunivesite ya boma ya Chisilamu ya UIN Sunan Kalijaga ku Yogyakarta inaletsa atsikana kuvala nikabu, nsalu yophimba nkhope, poganiza kuti ikutseka njira ya maganizo oopsa. Anthu anadandaula kwambiri, ndipo pasanapite nthawi lamulolo linachotsedwa. Anachita bwino kulichotsa. Nsalu yophimba nkhope siuza munthu zomwe zili m'mutu mwa mwini wake, ndipo mtsikana wothamangitsidwa amakapeza omulandira kwina, mwina kwa anthu omwewo amene yunivesite imawaopa.

Ntchito yeniyeni imachitikira m'kalasi. A Harun Nasution, omwe anatsogolera sukulu ya ukachenjede ya Chisilamu ya IAIN ku Jakarta kuyambira 1973 mpaka 1984, ankalimbikira kuti wophunzira adziwe magulu onse a maganizo m'mbiri ya Chisilamu, ngakhale a Mu'tazila, gulu lakale lodalira kwambiri nzeru za munthu pa nkhani za chikhulupiriro, omwe ambiri ankawakayikira. Tayerekezani mnyamata amene wakula akudziwa kuti nkhani iliyonse ili ndi yankho limodzi. Mphunzitsi akumutsegulira buku la fikihi, la malamulo a Chisilamu, akumusonyeza kuti kwa Imam Shafi'i kukhudzana khungu ndi mkazi kumaononga udhu, kudziyeretsa kokonzekera pemphero, pomwe kwa Imam Abu Hanifa ayi, ndipo akatswiri akale awiri onsewo ali ndi umboni wawo. Kenaka akumva kuti Imam Shafi'i yemweyo anasintha ena mwa maganizo amene anapereka ku Iraq atasamukira ku Egypt. Mnyamatayo sataya chikhulupiriro. Amangoyamba kuchedwa kutchula mnzake kuti kafiri, ndipo kuchedwa kumeneko n'kumene kumateteza miyoyo.

Asilamu a ku Indonesia ambiri amatsata madhihabu, kapena kuti chiphunzitso, a Shafi'i monga ambiri a kwathu kuno, ndipo nawonso amatsutsana pa za mapemphero a pamaliro, monga timachitira ife pa nkhani ya sikiri, mwambo woyimba motchula dzina la Mulungu. Shehe amene anaphunzira mbali zonse ziwiri amatha kukhazika pansi mabanja awiri pa siwa.

Chovuta chatsala n'chakuti ophunzira ambiri amatola maganizo awo kunja kwa kalasi, m'timagulu tokumana pa mzikiti wa pasukulu madzulo ndi pa YouTube. Mphunzitsi wotseka ofesi nthawi ya pemphero la Asiri n'kumapita kwawo safika kumeneko, choncho mayunivesite ayenera kulemba aphunzitsi ofuna kukhala nawo m'timagulumo ndi kuyankha mafunso ovuta.