Oyimba a ku Burma amene tikupachika pakhoma

Zithunzi zakale za oyimba a ku Burma, dziko limene kuyambira 1989 limatchedwa Myanmar, masiku ano zikusindikizidwanso ndi kugulitsidwa ngati zokongoletsa m'nyumba. Zambiri n'zofiirira, chifukwa pepala lojambulira la nthawi imeneyo linkapakidwa choyera cha dzira, ndipo likakalamba limasintha mtundu. Munthu ukaziona umangoti kumeneko kunali bata lokhalokha. Koma zambiri mwa izo zinajambulidwa ufumu wa dzikolo utangogwa kumene, ndipo owajambula ankafuna ndalama za alendo.

Mfumu Mindon ndi imene inakhazikitsa mzinda wa Mandalay mu 1857. Kunyumba yachifumu kunali oyimba olembedwa ntchito, osunga nyimbo zakale zotchedwa Mahagita. Zina mwa nyimbozo zinachokera ku Ayutthaya, likulu la Siam (dziko limene lero ndi Thailand) limene asilikali a Burma anagonjetsa mu 1767 n'kutenga oyimba ndi ovina ake. Mu Novembala 1885 asilikali a Britain analowa mu Mandalay, anagwira Mfumu Thibaw ndi mkazi wake Supayalat n'kuwapititsa ku India, kumene anakakhala ku Ratnagiri. Pa 1 Januwale 1886 analengeza kuti dzikolo ndi la Britain. Oyimba aja anatsala opanda owadyetsa.

Apa m'pamene ojambula anapeza msika. Felice Beato, amene anali atajambula kale nkhondo ku Crimea, ku India ndi ku China, n'kukhalanso zaka zambiri ku Japan, anafika ku Mandalay ufumu utangogwa. Anatsegula malo ojambulira pamodzi ndi sitolo ya ziboliboli ndi mipando yosema. Ku Rangoon kunali Mjeremani Philip Klier, yemwe anayambira ntchito yake ku Moulmein, ndipo pambuyo pake D. A. Ahuja ankasindikiza zithunzi zambirimbiri pamakadi otumiza papositi. Ogula anali asilikali, akuluakulu a boma la atsamunda ndi apaulendo ofuna kokaonetsa kwawo. N'chifukwa chake wojambulidwa ankavekedwa bwino, kukhazikidwa pamphasa kutsogolo kwa nsalu yojambulidwa maluwa, n'kupatsidwa choyimbira. Pansi pake ankangolemba kuti mtsikana wa ku Burma, kapena gulu la oyimba. Dzina la munthuyo nthawi zambiri silinkalembedwa, pamene la mwini situdiyo silinkasowa. Kwa ine chopweteka kwambiri pa zithunzizi n'chimenechi.

Komabe si zithunzi zonama. Choyimbira chimene chimaoneka kwambiri ndi saung gauk, zeze wa thupi lokhala ngati bwato ndi khosi lalitali lopindika. Khosilo amalisema kuchokera ku muzu wa mtengo wa sha umene unamera mopindika kale, thupi amalikuta ndi chikopa cha gwape, kenaka n'kulikongoletsa ndi utomoni wakuda, golide ndi timagalasi. Nsambo zake kale zinali za silika, ndipo ankazikunga pokankha zingwe zofiira zozengedwa pakhosi, zimene mphonje zake zimalendewera pansi. Amene ali ndi chithunzi chooneka bwino awerenge nsambozo. Nduna ina yodziwa kuyimba, Myawaddy Mingyi U Sa, inazichulukitsa kuchoka pa 7 kufika pa 13. Maung Maung Gyi, woyimba zeze womaliza wa kunyumba yachifumu, anawonjezera ya 14. Zeze wa lero amakhala ndi 16, kawirikawiri za nayiloni, ndipo ambiri ali ndi zikhomo zopotokola m'malo mwa zingwe zija. Chithunzi cholembedwa kuti n'cha m'ma 1890 koma zeze wake ali ndi zikhomo, chikayikireni.

Zithunzi zina zimaonetsa hsaing waing, gulu lonse la panja. Mtsogoleri wake amakhala m'kati mwa mpanda wozungulira wosemedwa, momwe mwalendewera ng'oma 21, iliyonse ndi liwu lake. Amazichuna pomata pakati pa chikopa phala la mpunga wophika wosakaniza ndi phulusa, monga momwe ife timamatira phula pang'oma. Pambali pake pamakhala woliza chitoliro cha hne ndi womenya mabelu a mkuwa. Gulu limeneli ndi laphokoso, la pamaphwando ndi pamasewero a usiku wonse, zimene chithunzi cha anthu atakhala duu sichingakuuze.

Nyumba yachifumu ya ku Mandalay inapsa mu Marichi 1945 pa nkhondo yolimbana ndi Japan, nkhondo yomwe asilikali a KAR (King's African Rifles) ochokera ku Nyasaland anamenya nawo m'nkhalango za Burma. Imene alendo amaiona lero inamangidwanso chakumapeto kwa m'ma 1980 ndi m'ma 1990. Zithunzi zenizeni za Beato ndi Klier zambiri zili m'malo osungira zakale kunja kwa Myanmar, monga ku British Library ku London, ndipo popeza eni ake anamwalira kalekale, Beato mu 1909 ndi Klier mu 1911, aliyense akhoza kuzisindikiza n'kugulitsa.