Chifukwa chake anthu oposa 100 miliyoni ku China onse ndi a Wang

Kwa zaka mazanamazana, mwana wa ku China akayamba kuphunzira kuwerenga ankaloweza mndandanda wa ziwongo, kapena kuti mifunda. Ankaulakatula mokweza ngati nyimbo, mayina anayianayi: Zhao, Qian, Sun, Li, kenaka Zhou, Wu, Zheng, Wang, mpaka kukafika kumapeto. Kabuku kake kamatchedwa Baijiaxing, kutanthauza ziwongo za mabanja 100, ngakhale kuti mkati mwake muli zoposa 400. Kanalembedwa kumayambiriro kwa ufumu wa Song, umene unayamba mu 960. Amene anakalemba sanasanje mayinawo potengera kuchuluka kwa eni ake. Zhao anakhala patsogolo chifukwa ndicho chinali chiwongo cha mfumu yaikulu, ndipo Qian anatsatira chifukwa banja limenelo linkalamulira dera la Wuyue, kumene akuti kabukuko kanachokera. Mlembiyo ankadziwa bwino woyamba kumupatsa mpando. Mpaka lero Mtchaina akafuna kunena anthu wamba amati laobaixing, ndiye kuti ziwongo 100 zakale zija.

Wang, amene m'kabukumo ali pa nambala 8, ndiye akutsogola masiku ano. Kaundula wa boma la China wa chaka cha 2018 anasonyeza kuti a Wang analipo 101.5 miliyoni, a Li 100.9 miliyoni, a Zhang 95.4 miliyoni, a Liu 72.1 miliyoni, ndipo a Chen 63.3 miliyoni. Ife timaseka kuti ukaponya mwala pamsika ugenda Banda kapena Phiri, koma a Wang okha akuposa kasanu anthu onse amene anawerengedwa m'Malawi chaka chomwecho. Ziwongo zisanu zimenezi zimatenga anthu atatu mwa khumi alionse, ndipo 100 zoyambirira zimatenga pafupifupi 85 peresenti ya dziko lonse. Zimene zikugwira ntchito lero zilipo pafupifupi 6,000, pamene akatswiri ofufuza m'mabuku akale anapeza zoposa 20,000. Zambiri zinafa.

Kalekale, m'nthawi ya ufumu wa Zhou, mayina a banja analipo amitundu iwiri, ndipo onse anali a anthu apamwamba okhaokha. Xing linali dzina la fuko lonse. Akale kwambiri mwa mayina amenewa, monga Ji, Jiang, Yao ndi Ying, akalembedwa m'Chitchaina amakhala ndi kachizindikiro ka mkazi, ndipo akatswiri ena amati umenewu ndi umboni wakuti poyamba anthu ankatsata kuchikazi. Ife a kwa eni mbumba sitingadabwe nazo. Shi linali dzina la nthambi ya fukolo, ndipo munthu ankalitenga ku dera limene anapatsidwa kuti alamulire, ku udindo wake kapena kwa gogo wake wotchuka. Chen, Song, Wu ndi Zheng anali mayina a maiko ang'onoang'ono. Sima anali mkulu woyang'anira akavalo ndi nkhondo. Tao ndi woumba mbiya. Wang amatanthauza mfumu, ndipo mabanja angapo achifumu osagwirizana magazi, atalandidwa mipando yawo, ana awo anatsala ndi dzina lokhalo.

Mfumu Qin Shi Huang itagonjetsa maiko onsewo ndi kuwaphatikiza mu 221 Yesu asanabadwe, ndiponso mu ufumu wa Han umene unatsatira, xing ndi shi zinasanduka chinthu chimodzi. Boma linkafuna kudziwa wokhoma msonkho ndi wopita ku thangata la mfumu, choncho mlimi wamba naye analowa m'kaundula ndi chiwongo chake. Ku England anthu wamba anayamba kusiyirana mayina a banja patapita zaka zoposa 1,000 kuchokera pamenepo.

Kutalika kwa nthawi kumeneku ndiko kunadya mayina ambiri. Ku China dzina linkayenda ndi mwana wamwamuna. Bambo akabereka ana aakazi okhaokha, kapena akafa wopanda mwana, nthambi yake yathera pomwepo. Chiwongo cha mabanja khumi a m'chigwa chimodzi chikhoza kutheratu ndi chaka chimodzi cha njala kapena nkhondo, pamene cha anthu ofalikira m'zigawo zonse chimangothothoka masamba, thunthu lili chilili. M'zaka za m'ma 1870 Francis Galton ndi Henry William Watson ku Britain anawerengetsera masamu a nkhani yomweyi, atada nkhawa ndi kuzimirira kwa mayina a mabanja olemekezeka kwawoko. Ku China kupeta kumeneku kwachitika kwa zaka zoposa 2,000.

Komabe masamu okha sangafotokoze kukula kwa Li kapena Liu. Pamenepa pali dzanja la mafumu. A Liu analamulira ufumu wa Han pafupifupi zaka 400. A Li anali eni ufumu wa Tang kuyambira 618 mpaka 907, ndipo ankapereka chiwongo chawo ngati mphoto kwa akazembe okhulupirika, ena mwa iwo a mitundu yachilendo. Munthu akalandira dzina la mfumu, ana ndi adzukulu ake onse ankalowa momwemo. Nthawi zina mfumu inkangosankha dzina lina lililonse. Zheng He, mkulu wa zombo zimene zinafika ku Mogadishu ndi ku Malindi m'zaka za m'ma 1400, anabadwira m'banja lachisilamu ku Yunnan ali Ma. Dzina la Zheng anachita kupatsidwa ndi mfumu Yongle.

Ena anasintha mtundu wonse nthawi imodzi. Mu 496 mfumu Xiaowen ya Northern Wei, imene inali ya mtundu wa Xianbei, inalamula anthu ake kusiya mayina awo ataliatali ndi kutenga Achitchaina. Iyo yomwe inasiya Tuoba nkukhala Yuan. Ufumu wa Qing utagwa mu 1912, Amanchu ambiri, a mtundu umene unkalamulira ufumuwo, anachita chimodzimodzi kuti asaonekere: a Gūwalgiya ambiri anakhala Guan, ndipo ena a banja lachifumu la Aisin Gioro anakhala Jin. Panalinso mwambo woletsa kutchula kapena kulemba dzina la mfumu, moti pamene Liu Zhuang analowa ufumu, mabanja a Zhuang anasanduka Yan.

Ndiye a Wang awiri akakumana m'sitima sathamangira kunena kuti ndi pachibale. Amangoseka nkuti zaka 500 zapitazo tinali banja limodzi. Wofuna chibale chenicheni amafunsa kumudzi kwa makolo, ngati ndi Wang wa ku Taiyuan kapena wa ku Langya, nkukatsegula buku la mibadwo limene mabanja ambiri amasunga. La banja la Kong, mbumba ya mphunzitsi wotchuka wakalekale Confucius, litakonzedwanso mu 2009 linali ndi mayina pafupifupi 2 miliyoni a mibadwo yoposa 80. Chodabwitsa nchakuti malamulo a Tang ankaletsabe ukwati wa anthu a chiwongo chimodzi.

Kwa ife owerenga m'zilembo zachilatini, nkhaniyi imasokonekeranso. Chen, amene wachuluka kum'mwera ndi ku Taiwan, ndi yemweyo amene ku Hong Kong amalembedwa Chan ndipo ku Singapore Tan. Chilembo ndi chimodzi, katchulidwe ndiko kosiyana. Wong akhoza kukhala Wang kapena Huang, ziwongo ziwiri zosiyana. Chiwongo chimayambanso ndicho: Xi Jinping ndi bambo Xi, osati bambo Jinping monga ena amanenera. Mkazi akakwatiwa sasintha chake.

Kuchepa kwa ziwongo kumabweretsa mavuto ake a tsiku ndi tsiku. Anthu otchedwa Zhang Wei alipo pafupifupi 290,000. Pantchito amasiyanitsa ponena kuti Lao Wang, Wang wamkulu, ndi Xiao Wang, Wang wamng'ono, pamene boma limadalira nambala ya manambala 18 ya pachiphaso. Ndipo ziwongo zazing'ono zikumka zichepabe, tsopano chifukwa cha makina. Ku Yunnan kuli mudzi wa anthu a mtundu wa Lisu amene chiwongo chawo, Nia, chinkalembedwa ndi chilembo chosowa chokhala ndi chizindikiro cha mbalame, imene fuko lawo limailemekeza. Ziphaso zitayamba kusindikizidwa pakompyuta, chilembocho sichinapezekemo. Anawalembera china chofanana nacho maonekedwe, Ya, chimene chimatanthauza bakha.