Wotchi yoyeza mtima ndi kachipangizo ka pachala: zoti mudziwe musanazikhulupirire

Mawotchi owerenga kugunda kwa mtima afika ponseponse muno mu Mzuzu. Ena amagula m'mashopu a mafoni m'tauni, ena amatumiziridwa ndi abale a ku Joni. Uthenga uno ndi wa inu amene mumavala wotchi yotere, kapena muli ndi kachipangizo kopanira pachala koyezera mpweya m'magazi, makamaka ngati muli ndi BP, shuga kapena vuto la mtima.

Tembenuzani wotchiyo, muona kuwala kobiriwira kukuphethira kunsi kwake. Kuwalako kumalowa pakhungu, ndipo mtima ukagunda magazi amachuluka m'mitsempha ya padzanja n'kumeza kuwala kwina. Wotchi imawerenga kusinthako. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi. Mapazi amene mwaponda imawawerenga pomva kugwedezeka kwa mkono basi. N'chifukwa chake mayi amene wasinja chimanga m'mawa wonse wotchi imamuuza kuti wayenda mtunda wautali pomwe sanachoke pakhomo, ndipo wokwera kabaza mumsewu wa mabampu wa ku Mchengautuba imamuwerengeranso mapazi ali chikhalire. Wokankha wilibala ndiye imam'bera, poti mkono wake sugwedezeka.

Za mapazi 10,000 patsiku zisakusowetseni tulo. Nambalayi inatchuka ku Japan m'ma 1960 potsatsa malonda a kachipangizo kowerengera mapazi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo kuyenda ndawala kuchokera ku Chiputula kukafika kumsika, kulima ndi kutunga madzi zili momwemo.

Sikuti zipangizozi n'zachabe ayi. Mu 2019 akatswiri a ku yunivesite ya Stanford anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 400,000 ovala Apple Watch, ndipo ena mwa amene wotchi inawachenjeza anapezekadi ndi vuto la mtima wogunda mosalongosoka, lomwe limatha kuyambitsa sitiroko. Ku yunivesite ya MIT ku America nako gulu la pulofesa Dina Katabi lapanga chida chomva kupuma kwa munthu ali m'tulo pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi, popanda kumuveka kanthu. Koma wotchi yotchipa yopanda dzina lodziwika musaiyese yofanana ndi zida zoyesedwa chonchi.

Pamene pakufunika kusamala kwambiri ndi pa kachipangizo ka pachala kaja. Kamawalitsa kuwala kofiira kudutsa chala n'kuonetsa kuchuluka kwa okosijeni m'magazi. Munthu wabwinobwino amakhala pa 95 mpaka 100. Vuto ndi lakuti khungu lakuda limameza kuwala kwambiri, ndiye kachipangizoka kamatha kuonetsa nambala yabwino pomwe mpweya watsika. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Michigan mu 2020 anapeza kuti kulephera kotereku kumachitika pafupifupi katatu kwa odwala akuda poyerekeza ndi azungu. Ifeyo ndiye akudawo. Choncho mwana kapena gogo akamapuma mobanika, nthiti zikulowa m'kati, musadikire poti kachipangizo kalemba 96.

Kuzizira kwa kuno nakonso kumasokoneza. M'miyezi ya June ndi July zala zimachita kuuma, magazi safika okwanira kunsonga, ndipo nambala imangolumphalumpha kapena kutsika popanda chifukwa. Yambani mwafunditsa manja, chotsani kyuteksi pachikhadabo, khalani pansi dzanja lili phee, ndipo dikirani nambala ikhazikike musanaiwerenge. Ikakhalabe pansi pa 90, thamangani kuchipatala.

Nanga BP? Mawotchi ambiri otchipa amalemba manambala a BP, koma amangoyerekeza. BP imayezedwa ndi lamba wokulunga pamkono amene amapopedwa mpweya, munthu atakhala n'kupumula mphindi zisanu. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa pamasiku osiyana, ndiye kuti yakwera. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa, poti matendawa nthawi zambiri sapweteka paliponse. Choopsa ndi munthu kusiya mankhwala poti wotchi yamuuza kuti zonse zili bwino. Mankhwala a BP amasintha ndi adokotala okha.

Za shuga n'zachidule: mu February 2024 bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linachenjeza kuti anthu asagwiritse ntchito wotchi kapena mphete iliyonse yonena kuti imayeza shuga popanda kubaya khungu. Wobaya insulini potsatira nambala yabodza atha kukomoka. Yezani ndi kadontho ka magazi ka pachala monga anakuphunzitsirani anamwino.

Wotchi ikakuchenjezani kangapo za mtima, kapena ikamaonetsa kugunda kopitirira 100 muli chikhalire, lembani tsiku, nthawi ndi zimene mumamva, mutenge pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala mukaonetse ku Mapale kapena chipatala chilichonse chapafupi. Thupi likatentha mtima umathamanganso, ndiye kayezetseni malungo. Koma chifuwa chikamapweteka ngati chapanidwa, mukamabanika, pakamwa pakapotoka, mawu akamatuluka osamveka, kapena mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zikafooka mwadzidzidzi, pezani galimoto nthawi yomweyo mupite ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, ngakhale wotchi isanene kanthu.