Mmene chikho cha Moçambola chinakwerera ku Songo mu 2017

Tsiku lina titamaliza zokonzekera pabwalo lathu lafumbi kuno ku Ulongwe, mnyamata wina akuvula nsapato anandifunsa kuti, "Akochi, kodi Songo inatenga bwanji ligi pomwe matimu akuluakulu onse ali ku Maputo?" Sindinadabwe nalo funsolo. Ana athu kuno amadziwa bwino Bullets ndi Wanderers za ku Malawi, poti ndi zomwe amamva pawailesi, kusiyana ndi matimu a m'chigawo chawo chomwe cha Tete.

Funso lake linali lanzeru. Dziko la Mozambique litalandira ufulu, ligi yaikulu ya mpira (yomwe pano imatchedwa Moçambola) yoyamba ya 1976 inapita ku Textáfrica ya ku Chimoio, ndipo mu 1981 Têxtil do Púnguè ya ku Beira inatenganso. Kuchoka pamenepo, zaka zoposa 30 chikho chinkangozungulira kummwera, m'manja mwa Costa do Sol, Maxaquene, Desportivo, Ferroviário de Maputo ndi anzawo, kupatula mu 2004 pomwe Ferroviário de Nampula inachitenga. Ferroviário da Beira ndi yomwe inathyolanso mpandawo mu 2016, ndipo chaka chotsatira União Desportiva do Songo inabweretsa ligi m'chigawo cha Tete koyamba.

Ambiri amasokoneza ligi ndi Taça de Moçambique, yomwe Songo inali itatenga kale mu 2016. Taça ndi ndime zochotsana: mukagwa, mwatuluka, ndipo timu yochepa mphamvu ikhoza kudutsa ndi mwayi wa masana amodzi. Ligi ndi ulimi wa chaka chonse. Mu 2017 munali matimu 16, iliyonse kusewera masewero 30, theka pakwawo theka koyenda. Kupambana ndi mapointi 3, kufanana mphamvu ndi 1. Ndiye tawerengani nokha: timu ikapambana masewero onse 15 pakwawo, ili ndi 45. Ikangokakamira kufanana mphamvu koyenda konse, yafika pa 60, ndipo ili kale m'gulu lolimbirana chikho. N'chifukwa chake ife aphunzitsi timati bwalo lako ndi nkhokwe, suloleza mlendo kutapamo.

Apa ndi pomwe Songo ili ndi mwayi wobadwa nawo. Mozambique ndi dziko lalitali, moti matimu a Moçambola amayenda pandege. Timu yochoka ku Maputo imatera pa Chingodzi mumzinda wa Tete, m'kutentha kuja kowaula nkhope, kenaka n'kukwera basi makilomita pafupifupi 150, kumapeto kwake kukhotakhota m'mapiri. Amene anakwerapo chapa (minibasi) njira imeneyo akudziwa mmene mawondo amaumira. Wosewera akatsika pamenepo, miyendo imakhala itadya kale gawo lake asanaponde n'komwe pa Estádio 27 de Novembro. Koma tisaname, mtunda womwewo Songo imauyendanso sabata yotsatira popita kwa eni ake. Msewu wokha sungapatse munthu chikho.

Chachikulu, mwa kuona kwanga, ndi damu la Cahora Bassa lomwe lili pafupi ndi tauni ya Songo. Timuyi inkadziwika kale ndi dzina loti HCB Songo, ndipo amene amaithandiza ndi kampani ya magetsi ya Hidroeléctrica de Cahora Bassa. Ngakhale dzina la bwalo likukumbutsa 27 Novembala 2007, tsiku lomwe kampaniyo inachoka m'manja mwa Portugal kubwera m'manja mwa Mozambique. Anthu akamva za ndalama amangoganiza zogula osewera otchuka, koma ntchito yake yeniyeni imaonekera pakati pa chaka. Wosewera amene walandira malipiro ake pa nthawi, wadya bwino, wavulala n'kupeza womusamala, amathamangabe m'masewero a 25 monga ankathamangira m'oyamba. Ine ndaonapo ana aluso akuzilala mwezi umodzi wokha chifukwa abwera pabwalo atangomwa madzi, mutu uli pa ngongole ya nyumba. Komanso ku Songo ndi tauni yaing'ono, zosokoneza zausiku n'zochepa, osewera amangoonana okhaokha.

Pabenchi panali Chiquinho Conde, mwana wa ku Beira yemwe anasewera zaka zambiri ku Portugal, m'matimu ngati Belenenses, Sporting ndi Vitória de Setúbal, ndipo pambuyo pake mu 2021 anapatsidwa timu ya dziko, Mambas. Munthu wotere akalankhula m'chipinda chovalira, palibe amatsekula pakamwa.

Amene ankati zinangochitika mwangozi anasowa chonena mu 2018, Songo itatenganso ligi kachiwiri motsatizana. Chaka chomwecho inakakumana ndi TP Mazembe ya ku Congo mu mpikisano wa akatswiri a mu Africa n'kugwa, koma inafika m'magulu a Confederation Cup, komwe inasewera ndi Al Masry, RS Berkane ndi Al Hilal. Inabweranso kudzatenga ligi mu 2022.

Mnyamata uja atamva zonsezi anangomanga nsapato zake m'jumbo n'kufunsa kuti chapa ya ku Songo ndi ndalama zingati kuchoka ku Tete.